CINSINSI CA KUTSEKEMERA KWA NZIMBE

Kutsekemera kwa nzimbe nkobadwa nako. Nzimbe yakale ya ku New Guinea inali ya shuga wambiri, koma yosalimba ku matenda. Cifukwa cace akatswiri a ku Java anaikwatitsa ndi nzimbe yakuthengo yonga bango, ndipo m'caka ca 1921 anapeza mtundu wa POJ 2878, umene unalanditsa minda yao ku nthenda ya sereh.

Koma nchito yotere njocedwa, pakuti mau a cibadwa amene mwa munthu alembedwa kawiri, mu nzimbe alembedwa kakhumi kapena kuposa. M'caka ca 2024 akatswiri anafalitsa ndondomeko ya cibadwa ca mtundu wa R570 wa ku Réunion, kuti kusankha mbande zotsekemera kufulumire.