Zimene tinapeza m'thumba la mankhwala la azakhali ku Chongwe

M'mawa wina mu Ogasiti 2024, mdzukulu wa azakhali anga anandiimbira foni akulira. Ine ndinali mu Lusaka. Anati ambuya ake akhala pakhonde, thukuta lili kamukamu chonsecho kunja kuli kachisanu, manja akunjenjemera, ndipo akucheza ndi anthu amene anamwalira kalekale. Atawafunsa ngati akufuna madzi, anangomuyang'ana ngati mlendo.

Anansi anali atadzaza kale pabwalo, ena atayamba kunong'onezana. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa mawu amene amanong'onedwa nkhalamba ikayamba kubwebweta, akudziwanso kumene mawu amenewo amakathera.

Mwamwayi pagulupo panali mayi wina wa kutchalitchi kwawo, namwino wopuma pantchito. Iye anafunsa zinthu ziwiri zokha: adya chiyani lero, nanga amwa mankhwala anji? Ataona kuti akutha kumeza, anasungunula masipuni atatu a shuga m'kapu ya madzi n'kuwamwetsa pang'onopang'ono. Pasanathe theka la ola, azakhali anaitana mdzukulu uja ndi dzina lake n'kufunsa chifukwa chake anthu adzaza pakhomo ngati pagwa maliro. Mayi uja sanalole kuti nkhani ithere pomwepo. Anaumirira kuti apite nawo kuchipatala tsiku lomwelo, poti piritsi limene anamwalo linali lidakali m'thupi ndipo shuga akanatha kutsikanso usiku, anthu onse atagona.

Azakhali anali ndi zaka 72 panthawiyo. Amakhala m'mudzi wina wa m'boma la Chongwe, patali ndithu ndi msewu wa Great East. Chaka chimenecho ndi chija mvula inadula pakati, Pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chagwetsera dziko m'tsoka. Chimanga chawo chinapserera chisanabereke. Pofika Ogasiti ankadya kamodzi patsiku, phala la m'mawa akusiyira adzukulu atatu apasukulu. Koma piritsi la shuga sanaliphonyepo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa anawauza kuti asamaliphonye.

Piritsilo linali glibenclamide. Limakakamiza kapamba kutulutsa insulin, kaya munthu wadya kaya sanadye. Mwa munthu wokalamba impso zimachedwa kulichotsa, choncho shuga wa m'magazi amatha kutsika n'kukhala pansi kwa maola ambiri. Ubongo umayendera shuga, ndipo ukamusowa munthu amasokonezeka, kukomoka, mwinanso kufa kumene. N'chifukwa chake mu 2013 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalemba pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira kuti glibenclamide si woyenera anthu opitirira zaka 60, n'kuika gliclazide m'malo mwake. Azakhali anayamba kumwa piritsili ali ndi zaka za m'ma 50, ndipo panthawiyo linkawathandiza. Thupi linakalamba, chakudya chinachepa, koma zolembedwa pakhadi lawo zinkangobwerezedwa mwezi ndi mwezi.

Atatuluka m'chipatala ndinapita kukawaona. Madzulo ake ndinawapempha kuti andionetse mankhwala onse amene amamwa. Anatulutsa thumba la pulasitiki lokulunga m'chitenje kumutu kwa bedi, n'kulikhutulira pamphasa.

Munali mitundu 8, m'timapaketi 9. Kapaketi kowonjezerako ndi kamene kanandiopsa. Kena kanali ndi mapiritsi oyera obulungira, ndipo azakhali ankawatchula kuti a BP. Kena kanali ndi mapiritsi otalikirapo, amene ankati ndi a mtima. Nditawerenga mayina, onse anali amlodipine. Oyambawo anawalandira kukiliniki. Enawo anawagulira mwana wawo m'sitolo ya mankhwala m'tauni mwezi wina pamene kukiliniki anali atatha. Atabweranso kukiliniki, azakhali anapitiriza kumwa onse awiri, poganiza kuti ndi osiyana. Kwa miyezi ingapo ankamwa mlingo wowirikiza, n'kumadabwa kuti akadzuka pampando maso amachita chidima.

Otsalawo anali ngati mkanda, wina kukoka mnzake. Amlodipine amatupitsa akakolo mwa anthu ena, makamaka mlingo ukachuluka. Azakhali atatupa mapazi, kuchipatala china cha mu Lusaka anawapatsa furosemide, mapiritsi okodzetsa. Enalapril, mankhwala awo ena a BP, amayambitsa kachifuwa kouma kosatha mwa anthu ena. Botolo la mankhwala a chifuwa limene linali pamphasapo ndinagula ndine, atandidandaulira pafoni, ndipo sindinafunse kuti akumwanso chiyani. Pofuna kuziziritsa mawondo ankagula Indocid pakantemba, tiwiritiwiri tokulunga m'kapepala. Indocid anawapweteketsa m'mimba, ndiye anawonjezera magnesium trisilicate. Kukodza usiku ndi kutsokomola zitawalanda tulo, mnzawo wina anawagawira Piriton. Pa mitundu 8 ija, inayi yathunthu inkalimbana ndi mavuto obwera ndi mankhwala anzake.

Palibe aliyense wa ife amene anawafunira zoipa. Kungoti palibenso ngakhale mmodzi amene anaonapo thumba lonse.

Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka. Munthu amakwera minibasi m'mawa, madzulo wabwerera. M'bomali muli chipatala chachikulu cha Chongwe ndi makiliniki monga a ku Chalimbana, Kasisi, Kanakantapa ndi Ngwerere, ndipo matenda akakula odwala amatumizidwa kuchipatala cha Levy Mwanawasa kapena cha UTH mu Lusaka. Kuyandikira kumeneku ndi dalitso limene anthu a m'maboma akutali amalisirira. Koma kukutanthauzanso kuti nkhalamba imodzi imalowa makomo ambiri, khomo lililonse n'kutulukamo ndi kapaketi. Boma lili ndi SmartCare yosungira mbiri ya odwala pakompyuta, koma zimene wagula mwana wa m'tauni, zimene wagulitsa wakantemba ndi zimene wagawa mnzako wa kukwaya sizilowa m'kompyuta iliyonse.

Anthu ofunika mankhwala a tsiku ndi tsiku akuchuluka. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti mu Zambia pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse a zaka 18 mpaka 69 ali ndi BP yokwera. Kuwerengako kunalekezera pa zaka 69, kutanthauza kuti amsinkhu wa azakhali, amene BP imawakonda kuposa wina aliyense, sanawerengedwe n'komwe. Chaka chomwecho WHO inayambitsa ntchito yochepetsa ngozi zobwera ndi mankhwala, itayerekeza kuti zolakwika pa kapatsidwe ndi kamwedwe ka mankhwala zimadyera dziko lapansi madola 42 biliyoni pachaka. Limodzi mwa magulu amene inawadera nkhawa kwambiri ndi anthu omwa mitundu yambiri nthawi imodzi, ndipo akatswiri ambiri amayamba kutchera khutu mitunduyo ikafika isanu.

Chimene ambiri a ife sitichiganizira n'chakuti piritsi silikalamba, koma thupi lolilandira limakalamba. Impso zimasefa pang'onopang'ono, chiwindi chimachedwa kugaya mankhwala, madzi a m'thupi amachepa. Mlingo umene unali woyenera pa zaka 50 ukhoza kukhala wochuluka pa zaka 70. Diazepam, amene ena amamwera tulo, amakhalitsa m'thupi la nkhalamba, m'mawa n'kudzuka ikudzandira. Piriton amasokoneza mutu, ndipo mwa abambo okalamba amatha kutseka mkodzo. Nkhalamba ikagwa potuluka usiku n'kuthyoka fupa la m'chiuno, nthawi zambiri siyendanso ngati kale. Dokotala wa ku America, Mark Beers, anasonkhanitsa mayina a mankhwala oterewa mu 1991, ndipo mndandanda wotchedwa ndi dzina lake umakonzedwanso mpaka lero. Glibenclamide, diazepam, indomethacin amene timamuti Indocid, ndi chlorpheniramine amene ndi Piriton, onsewa alimo.

Pa onsewa, amene ndimawaopa kwambiri ndi a ululu, chifukwa anthu sawatenga ngati mankhwala enieni. Mukafunsa agogo kuti amamwa chiyani, adzatchula a BP ndi a shuga, koma Brufen, diclofenac kapena Indocid sadzawatchula. Munthu walima moyo wake wonse, msana ndi mawondo zatha, ndiye ndani angamuletse kufuna mpumulo? Komatu mankhwala amenewa amakweza BP, amayambitsa zilonda zotaya magazi m'mimba, ndipo akakumana ndi enalapril pamodzi ndi mapiritsi okodzetsa amatha kuimitsa impso. Azakhali ankamwa atatu onsewo. Ngoziyo imakula thupi likauma: pa dzuwa la Okutobala kumunda, kapena munthu akatsegula m'mimba, monga zinachitikira ambiri pa mliri wa kolera umene unabuka mu Lusaka mu Okutobala 2023. Wachikulire womwa mankhwala a BP kapena a shuga akatsegula m'mimba kapena kusanza, asadikire mawa. Apite kuchipatala akamufotokozere amene ayenera kuyamba wawaimitsa kaye.

Palinso gulu lina la amsinkhu wa azakhali limene zaka 20 zapitazo palibe ankayembekezera kuti lidzaona imvi. Anthu amene anayamba ma ARV m'zipatala za boma cha m'ma 2004 ndi 2005 ali ndi zaka 40, lero adutsa 60, ndipo BP ndi shuga zawapeza ngati wina aliyense. Ambiri akumwa piritsi limodzi patsiku lokhala ndi dolutegravir. Mankhwala a m'mimba ngati magnesium trisilicate, komanso mapiritsi a iron ndi a calcium, amagwira dolutegravir m'matumbo kuti asalowe bwino m'magazi, choncho piritsi la ARV liyenera kumwedwa maola 2 asanamwe amenewo kapena maola 6 atawamwa. Dolutegravir yemweyo amachulukitsa m'magazi mankhwala a shuga otchedwa metformin, ndiye mlingo wa metformin umafunika kuuyang'anira. Tenofovir, amene alinso m'piritsi limene ambiri amamwa, safuna impso zotopa kale ndi Indocid. Vuto n'lakuti munthu amakatenga ma ARV tsiku lina pakhomo lina, a shuga tsiku lina pakhomo linanso, ndipo chifukwa cha manyazi sauza akuno za uko.

Ndakhalapo pamzere wa kukiliniki kuyambira mbandakucha, ndipo sindingaloze chala namwino amene akuona anthu ambirimbiri dzuwa lisanafike paliwombo. Komabe funso lakuti "Ambuya, mukumwanso chiyani kunyumba?" silitha ngakhale mphindi imodzi. Pawindo la mankhwala napo, kulemba 1x3 pakapaketi sikokwanira kwa munthu wa ng'ala m'maso amene sukulu anailekeza kalekale, amene mwina Chisoli ndiye chilankhulo chimene amamva bwino. Timapaketi tina tili ndi zithunzi za dzuwa ndi mwezi, ndipo timathandiza ngati wina watenga kamphindi kuwalozera. Makolo athu sakonda kufunsa kawiri pamaso pa munthu wovala zoyera. Amangoti "zikomo", n'kukafunsa mdzukulu kunyumba.

Malamulo alipo. Bungwe la ZAMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala la mu 2013, ndilo limapereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala. Kantemba kogulitsa sopo, makandulo ndi Indocid wopanda bokosi kalibe chiphaso chotero, ndipo wogula sangadziwe kuti kapisozi wakeyo anatha mphamvu liti. Za mankhwala azitsamba sindinganyoze, poti ndakulira pamenepo, koma nawonso amadutsa m'chiwindi ndi m'impso zomwezo. Botolo la mizu liyenera kutchulidwa pamaso pa dokotala ngati mmene timatchulira mapiritsi.

Wina atamva nkhaniyi akhoza kuganiza zokataya mankhwala onse a amayi ake m'chimbudzi. Asatero. BP siimva kuwawa, ndipo ambiri amene amasiya mapiritsi poti akupeza bwino, kapena poti awapempherera, amadzidzimutsidwa ndi sitiroko. Chakudza sichiimba ng'oma. Kuchotsa kapena kuchepetsa mankhwala ndi ntchito ya wodziwa, atayeza BP, shuga ndi impso, thumba lonse lili patebulo pake.

Sabata yotsatira ulendo wanga uja tinabwerera kuchipatala, azakhali, mdzukulu uja ndi ine, thumba lili m'manja. Tinalowetsa chilichonse, ngakhale kapepala ka pakantemba. Dokotala wake anali mnyamata wamng'ono kwa ine. Anayala timapaketi tonse patebulo, n'kumafunsa kamodzikamodzi kuti akawa anachokera kuti ndipo amamwa nthawi yanji. Anawatumiza kukayezetsa magazi a impso. Zotsatira zitabwera bwino, anawasinthira ku metformin, amene satsitsa shuga mwadzidzidzi ngati glibenclamide. Anasiya kapaketi kamodzi ka amlodipine, anasintha enalapril ndi ena osatsokomoletsa, ndipo pa mawondo anawapatsa Panado n'kuwauza malire ake patsiku. Anati abwerenso pakatha masabata awiri kuti adzaone mapazi. Atabwerera, kutupa kunali kutaphwa, ndipo mapiritsi okodzetsa anachoka nawonso.

M'thumba muja munatsala mitundu inayi. Mdzukulu uja, amene panthawiyo anali mu giredi 7, anang'amba tsamba lapakati m'kope lake n'kulemba mayina onse anayi ndi zilembo zikuluzikulu, kutsogolo kwa dzina lililonse n'kujambula dzuwa kapena mwezi. Tsambalo analimata ndi phala kuseri kwa chitseko, ndipo lina longa lomwelo limayenda m'thumba limodzi ndi khadi la kukiliniki. Ife a m'tauni tinagwirizana kuti ndalama ya ufa izifika mwezi usanathe, ndiponso kuti wina asagulenso piritsi pongomva dandaulo pafoni.

Nditapitako komaliza ndinapeza mphika wa phala uli pamoto, mbale zinayi zili pamphasa. Mdzukulu uja anawapatsa ambuya ake mbale yoyamba, n'kuima pambali ndi kapu ya madzi, piritsi atalifumbata m'manja, mpaka mbale itayera.