Makanema Akale a Milandu ya Kupha: Kukoma Kwake ndi Zofooka Zake

Pa macheza a madzulo, wina akati "Chilape!" anzake amayankha kuti "Nachize!" ndipo onse amayamba kusinkhasinkha yankho. Makanema akale a milandu ya kupha amayenda chimodzimodzi. Munthu amapezeka atafa m'chipinda, oganiziridwa alipo angapo, ndipo woonera amapikisana ndi wofufuza mlandu pofuna kutulukira wolakwa.

Ambiri mwa makanemawa ankapangidwa ndi ndalama zochepa. M'chaka cha 1927 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo lakuti nyumba zoonetsera kanema zizionetsako makanema opangidwa m'dzikomo, choncho makampani ena ankawapanga mothamanga pongofuna kukwaniritsa lamulolo. Ku America kampani ya Monogram inapanga makanema 17 a wofufuza wotchedwa Charlie Chan pakati pa 1944 ndi 1949. Kuyambira 1960 mpaka 1965, ku Merton Park mumzinda wa London kunapangidwa makanema 47 odziwika ndi dzina la mlembi Edgar Wallace, aliyense wotenga pafupifupi ola limodzi.

Kukoma kwa makanemawa kunachokera mu umphawi womwewo. Popeza panalibe ndalama zojambulira zinthu zogometsa, opanga ankadalira nkhani, mawu a osewera, mdima, ndi phokoso la mapazi kuseri kwa chitseko. Omvera masewero a pa wailesi amalidziwa bwino luso limeneli, pakuti chimene diso silinaone, maganizo amadzijambulira okha. Ndiponso makanemawa ankakhazika mtima pansi, chifukwa pamapeto pake ankatsimikizira mwambi wakuti choipa chitsata mwini.

Zofooka nazo sizibisika. Chipinda chimodzi chimaoneka m'makanema angapo atangosuntha mipando. Wakupha kawirikawiri ndi uja wooneka wofatsa koposa, kotero kuti amene waonera makanema atatu amadziwiratu mathero a wachinayi. Nthawi zina umboni waukulu amaubisa mpaka mphindi zomaliza, zimene zili ngati kuponya chilape chopanda yankho lolungama. Munalinso tsankho. Charlie Chan anali Mtchaina, koma ku Monogram ankaseweredwa ndi azungu, Sidney Toler ndi Roland Winters, pamene Mantan Moreland, msangalatsi wakuda waluso, ankapatsidwa mbali ya dalaivala wamantha woti anthu azimuseka.

Koma chofooka chachikulu n'chakuti makanemawa amapeputsa imfa. Mulibe maliro, mulibe wamasiye, ndipo choonadi chimatuluka ola lisanathe. Anthu a m'boma la Mwanza amadziwa kuti m'moyo weniweni sizitero. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo, a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani, ndipo kunalengezedwa kuti anafa pa ngozi ya galimoto. Panapita zaka 11 kufikira 1994 pamene bungwe lofufuza linakhazikitsidwa, ndipo linapeza kuti anayiwa anachita kuphedwa. Mlandu unazengedwa mu 1995, koma mu Disembala chaka chomwecho khoti linamasula oimbidwa mlandu, kuphatikizapo Dr. Hastings Kamuzu Banda. Panalibe wofufuza wanzeru wosonkhanitsa anthu m'chipinda n'kuloza chala, ndipo mabanja anasenza chisoni chawo zaka zonsezo.

Masiku ano ena mwa makanemawa amapezeka pa intaneti, ndipo munthu wa ku Kunenekude kapena ku Thambani angathe kuwaonera pa foni. Ndi oyenera kuwaonera monga zilape zonoletsa nzeru. Koma wofuna kumvetsa mmene chilungamo chimayendera akumbukire kuti akale anati mlandu suola, sanati mlandu umatha msanga.