Makina Oimba Mobwereza-bwereza: Kodi Woimba Ndani?



M'Kanyama, m'Matero ndi m'Chawama muli tizipinda tambiri m'mene anyamata amajambuliramo nyimbo. Mukalowamo simupeza ng'oma kapena gitala, mupeza kompyuta. Akulu ena amadandaula kuti masiku ano oimba ndi makina, munthu wangokhala phee. Lero tione m'mene makinawa agwirira nchito, ndi cifukwa cace nyimbo zace zina zimagwira mtima ngati cithunzi ca kanema.

Makina amenewa ali awiri. Oyamba, ochedwa synthesizer, amapanga mau ndi mphamvu ya magetsi, popanda nsambo kapena cikopa. Bambo Robert Moog a ku America anayamba kuwapanga m'caka ca 1964. Aciwiri ndiwo sequencer, amene nchito yao ndi kuuza oyambawo mau oti aimbe. Sequencer ya Moog inali ndi mizere itatu, uli wonse wa mabatani 8. Woimba amapotoza batani liri lonse kufikira litapereka liu limene iye afuna. Tsono makina amayenda kucokera pa batani loyamba kufika pa lomariza, nabwereranso poyamba, osatopa ndi osaphonya.

Kwa ife cimeneci si cacilendo iai. Taganizani za kalimba wa Ansenga a ku Petauke. Zala zazikulu ziwiri zimabwereza kanjira kamodzi-modzi, ndipo nyimbo imakwera pamwamba pace. Katswiri wina wa nyimbo, John Blacking, atakhala pakati pa Ansenga m'caka ca 1961, analemba kuti maziko a nyimbo za kalimba ndiwo kayendedwe ka zalazo. Amai awiri osinja pa mtondo umodzi amacita comweco: minsi igunda mosinthana, nyimbo iyenda pamwamba. Sequencer ndi cala ca kalimba copangidwa ndi waya.

Amene anachukitsa maimbidwe awa ndi anyamata a ku Berlin, m'dziko la Germany. Gulu lao la Tangerine Dream linayambidwa ndi Edgar Froese m'caka ca 1967, ndipo mu 1974 linaturutsa mbale yochedwa Phaedra. Nyimbo yoyamba pa mbaleyo imatha mphindi 17, yopanda munthu woimba ndi pakamwa. Mu 1976 Jean-Michel Jarre wa ku France anajambula Oxygène m'nyumba mwace ku Paris, ndipo mbale zace zinagulidwa mamiliyoni.

Nanga kukoma kuli pati, ngati mau 8 okha angobwerezedwa? Inu amene munakwerapo sitima ya usiku kucokera ku Lusaka kupita ku Kitwe mudziwa yankho. Poyamba mumamva kugunda kwa mawilo pa njanji. Patapita nthawi khutu limazolowera, maganizo napita kutali, koma sitima ikafika pa mlatho mumazindikira msanga kuti mau asintha. Woimba amagwiritsa nchito cizolowezi comweci. Amayamba ndi mau obisika, ngati ocokera m'nyumba yotseka, ndipo ndi batani lina amatsegula citseko pang'ono-pang'ono mpaka mauwo amveke poyera. Amaonjezera kubwebweta kwa mau konga kumene mumamva pansi pa mgodi mnzanu akaitana patali. Pamwamba amayala mau atali-atali onga a limba la m'chalichi, ndipo potsiriza amalowetsa kanyimbo kofewa kamene munthu angathe kukaimba ndi mluzu. Pansi sipasintha, pamwamba pasintha mwaulesi, ndipo womvera amayamba kuona zithunzi m'mutu mwace.

Eni akanema sanacedwe kuona phindu lace. Nyimbo yopanda mau a munthu silimbana ndi zokamba za osewera, ndipo kugunda kwace kufanana ndi kugunda kwa mtima wa munthu wamantha. Mu 1977 William Friedkin anapanga kanema wochedwa Sorcerer, wa amuna anai oyendetsa malole awiri odzaza ndi dainamaiti yakale m'nkhalango ya ku South America. Inu a ku migodi simufuna kuuzidwa kuopsa kwa katundu wotere pa mseu wa mabampu. A Tangerine Dream anapeka nyimbo zace atangowerenga nkhaniyo pa pepala, asanaone cithunzi ngakhale cimodzi, koma woonera amakhala mtima uli m'mwamba ulendo wonse. Mu 1982 Vangelis wa ku Greece analandira mphoto ya Oscar cifukwa ca nyimbo za m'kanema wa othamanga, Chariots of Fire.

Aafirika nawonso sanatsalire. Francis Bebey wa ku Cameroon, amene anayamba wakhala muulutsi wa pa wailesi, anasakaniza synthesizer ndi sanza, mbale wace wa kalimba. Kuno kwathu gulu la WITCH la ku Kitwe, titalidziwa ndi magitala, linaturutsa Movin' On mu 1980, Patrick Mwondela akuliza makina a magetsi.

Lero makina amene kale ankadzaza khoma lonse alowa m'kompyuta. M'pulogalamu ya FL Studio, yocokera ku Belgium, imene anyamata ambiri amaigwiritsa nchito, muli mizere ya timabokosi 16, ndipo imeneyo ndiyo sequencer yomwe ija. Kawiri-kawiri amapangira nyimbo zobvina, ndipo ncabwino ndithu. Koma opanga akanema ndi masewero a pa wailesi ya kanema m'Zambia afunanso nyimbo za usiku, za maliro, za ulendo ndi za mantha. Mnyamata wa ku Mtendere amene angakhale pansi ndi agogo ace, naphunzira kanjira ka zala pa kalimba, nakalowetsa m'timabokosi tija, adzakhala ndi cinthu cimene a ku Berlin analibe.

Tsono kwa akulu aja tiyankhe kuti khasu sililima lokha. Makina adziwa kubwereza, koma kusankha mau 8 oyenera, ndi kudziwa nthawi yotsegula citseko cija, ndi nchito ya khutu la munthu. Mukapeza nyimbo yotere, musaiweruze pa mphindi yoyamba. Khalani pansi madzulo, ana atagona, muimvere mpaka ithe, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.