Mliri Umene Unayenda pa Sitima

Madzulo ano tikambe za m'mene mliri umayendera, ndipo tiyambire kutali, pa zilumba za m'nyanja yaikulu ya Pacific.

M'chaka cha 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili kutha, kunagwa chimfine choopsa chimene chinapha anthu mamiliyoni ambiri. Sitima ya pamadzi yotchedwa Talune inanyamuka ku Auckland, m'dziko la New Zealand, ndipo ena mwa anthu a m'katimo anali kudwala. Inaima ku Fiji, kenaka pa 7 Novembala inakocheza pa doko la Apia ku Samoa, nipitirira ku Tonga. Ponse pamene inaima inasiya maliro. Ku Samoa akuluakulu a Boma sanaletse anthu kutsika, ndipo m'miyezi iwiri yokha munafa anthu pafupifupi 8,500, ndiko kuti munthu mmodzi mwa asanu alionse. Ambiri anali amuna ndi akazi a mphamvu zao, eni ake a makasu, ndi mafumu omwe. Nyumba yonse ikagona, panalibe wotunga madzi kapena wokakumba chakudya kumunda, kotero njala inatsiriza ena amene nthenda ikadawasiya.

Tsono mverani izi. Pafupi pomwepo pali zilumba zina za Samoa zolamulidwa ndi Amereka. Bwanamkubwa wa kumeneko, John Poyer, atamva za mliriwo anatseka doko la Pago Pago, ndipo mafumu anamthandiza kulondera magombe kuti bwato lililonse lisakocheze mobisa. Kumeneko sikunafe munthu ndi mmodzi yemwe. Mankhwala analibe monga anzaowo. Kwa ine chachikulu n'chakuti mafumu anagwirizana nalo lamulolo, pakuti Bwanamkubwa yekha sakanatha kuyang'anira gombe lonse.

Ku Fiji kunachitika zina kale, m'chaka cha 1875. Mfumu yaikulu Cakobau inabwerera kuchokera ku Sydney itatenga chikuku. Mafumu anasonkhana kudzailandira, ndipo pobalalika anatengera nthendayo kwao. Anafa anthu ngati 40,000.

Chimfine cha 1918 chinafikanso kuno kwathu, pamene asilikari ndi amtengatenga anali kubwerera ku nkhondo. Ndipo ambiri mukukumbukira Covid-19, amene anapezeka koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020. M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho, abale athu ochokera ku South Africa anasungidwa pa bwalo la Kamuzu Stadium mu Blantyre, koma mazana a iwo anachoka asanamve zotsatira za kuyezedwa kwao.

Ife sitikhala pa chilumba, koma madoko tili nao. Ndege zimatera pa Chileka. Njanji imadutsa pa Lirangwe, ndiponso mabasi ochokera ku chipata cha Mwanza amadzera pa Zalewa ndi pa Lirangwe popita ku Blantyre. Mudzi wanu nawo uli ndi doko lake, ndilo njira yochokera kumsika.

Poti ine ndine mlangizi, ndinene za ziweto, pakuti nthenda zao zimayenda chimodzimodzi. Chitopa sichigwa kuchokera kumwamba ai. Kawirikawiri chimabwera pa njinga, m'dengu, ndi nkhuku yogulidwa motchipa kwa munthu amene waona kuti khola lake layamba kuwodzera. Nkhuku yachilendo, ngakhale ya mphatso yochokera kwa apongozi, isungeni payokha milungu iwiri isanasakanizike ndi zinzake. Katemera wa chitopa alipo, wodontheza m'diso, ndipo aperekedwe nkhuku zisanadwale, makamaka chilimwe chisanafike.

Chigodola cha nkhumba n'choopsa koposa chifukwa chilibe mankhwala. Nkhumba ikafa mosadziwika bwino, musaigawe kapena kuigulitsa. Ndikudziwa kuti kukwirira nkhumba yonenepa kumawawa mumtima, koma nyama yomweyo, mpeni, ndi nsapato za wopha zimapititsa nthenda ku khola lina. Ikwirireni m'dzenje lakuya lomwe agalu sangafukule.

Inu mafumu, mukamva kuti m'mudzi woyandikana ziweto zikufa, itanani anthu anu tsiku lomwelo, letsani kulowetsa kapena kutulutsa nkhuku ndi nkhumba, ndipo tumizani mthenga kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu. Boma likatseka msika wa ziweto, musalole ogula oyenda usiku kudutsa m'mudzi mwanu.