Timapiritsi Tabuluu ta ku East Germany

Pamene mitundu ya anthu inasonkhana ku Montreal m'chaka cha 1976 kudzaonerera masewera a Olimpiki, asungwana a ku East Germany, dziko la anthu osakwana 17 miliyoni, anatenga mendulo zagolide 11 mwa 13 zimene akazi ankalimbirana pa kusambira; ndipo ngakhale ena anazizwa poona mapewa awo otambasuka ndi pomva mawu awo abesi, khamu linawomba m'manja, losadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pakuti kuyambira 1974 boma linali litakhazikitsa dongosolo lamseri loti ochita masewera azimwetsedwa Oral-Turinabol, mankhwala opangidwa ndi kampani ya Jenapharm motsanzira testosterone, mahomoni amene amasandutsa mnyamata kukhala bambo. Timapiritsi take tinali tabuluu. Mphunzitsi ankatiika m'dzanja la mwana, namuuza kuti ndi mavitamini, ndipo mwanayo, pokhulupirira wamkulu monga ana achitira, ankameza osafunsa. Makolo sanauzidwe kanthu. Omwetsedwa motere anali zikwizikwi.

Kunena zoona, mankhwalawa amachitadi chimene amawatamira nacho: minofu imakula, kutopa kumatha msanga. Koma mtima nawonso ndi mnofu, ndipo ukakhuthala mopitirira muyeso umalephera kupopa bwino magazi. Chiwindi, chimene chimasefa zonse zomeza, chimawonongeka mwakachetechete, nthawi zina nkumera zotupa. Mafupa a mwana amaleka kutalika nthawi isanakwane. Msungwana amamera ndevu, msambo umasokonezeka, mawu amakula osabwereranso mwakale ngakhale ataleka kumwa. Mwamuna naye sapulumuka, popeza thupi likaona kuti mahomoni achuluka limaleka kupanga ake, mphamvu yobereka nichepa, mawere natupa.

Heidi Krieger, msungwana wa ku East Germany amene anapambana mpikisano wa ku Ulaya woponya mpira wachitsulo ku Stuttgart mu 1986, anayamba kumwetsedwa ali ndi zaka 16. Mu 1997 anachitidwa opaleshoni nakhala mwamuna, Andreas Krieger, ndipo dandaulo lake lakhala lakuti anamulanda mwayi wodzizindikira yekha chimene iye ali. Ine ndiyesa kuba koposa kumeneku palibe.

Khoma la Berlin litagwa, makalata obisika anatulukira poyera, ndipo mu 2000 akuluakulu awiri a dongosolo lija, Manfred Ewald ndi dokotala Manfred Höppner, anaimikidwa pabwalo la milandu. Amayi amene kale anali akatswiri anaperekera umboni za matenda a chiwindi, za mimba zopita padera, ndi za ana obadwa olumala. Awiriwo anapezeka olakwa, koma m'ndende sanalowe, pakuti chilango chawo chinali chongoimikidwa. Ndipo nkovuta kutcha chimenechi chilungamo.

Dziko la East Germany linatha, koma mankhwalawo sanathe nalo: madokotala atapimanso mikodzo yosungidwa ya pa Olimpiki ya ku Beijing mu 2008 ndi ya ku London mu 2012, anapeza Turinabol yemweyo mwa ochita masewera ambiri, makamaka onyamula zitsulo, mendulo zawo nizilandidwa.