Musanagule mgolo wowotchera nyama, funsani kaye zomwe unasungapo

Malume anga, omwe anamanga nyumba chakufupi ndi pa Mpingu atatopa ndi lendi ya m'tauni, anagula mgolo wowotchera nyama kutatsala masiku atatu kuti Khrisimasi ikwane. Unali wokongola ndithu: penti yakuda yonyezimira, miyendo inayi, chivundikiro cha mahinje, ndi kachumuni pamwamba ngati sitima ya pamtunda. Tinapha mbuzi, tinayatsa makala, tinatseka chivundikiro n'kukhala pansi kudikira. Patatha ola limodzi nyama inatuluka ikununkha dizilo ndi penti yopserera. Ana anangoluma kamodzi n'kulavula. Akazi awo a malume sanayankhule kanthu, anangolowa kukhitchini kukatereka nyemba. Amene anadya Khrisimasi yabwino chaka chimenecho ndi agalu.

Mmisiri anawotcherera bwino, palibe pomwe panali pogwedera. Cholakwa chinali chathu. Tinagula ndi maso, ndipo palibe anafunsa funso loyamba lomwe wogula mgolo aliyense ayenera kufunsa: kodi muno munali chiyani?

Aliyense woyenda mumsewu wa M12 wochoka mu Lilongwe kupita ku Mchinji akuona momwe tauni ikuthamangira kumadzulo. Kuyambira pa Njewa, kudutsa pa Chitedze mpaka pa Mpingu, minda yomwe inali ya chimanga ndi fodya ikusanduka mapuloti, ndipo nyumba za mipanda zikumera ngati bowa. Eni nyumbazi akubwera ndi zizolowezi zawo. Chimodzi mwa izo ndi kuwotcha nyama pakhomo Loweruka masana, m'malo mokaima pa chiwaya kudikira kanyenya. Ena anachitengera ku Joni, komwe braai ndi nkhani yaikulu moti tsiku la tchuthi la pa 24 Sepitembala ambiri amangolitcha tsiku la braai. Ena anachiona pa TikTok ndi YouTube. Amisiri owotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu, omwe ntchito yawo yeniyeni ndi mageti, mafulemu a mawindo ndi mbaula, aona msika, ndipo migolo yodulidwa yayamba kuonekera pakati pa katundu wawo.

Migoloyi si yofanana, ngakhale ogulitsa amaitchula dzina limodzi. Ulipo wongodulidwa pakati m'litali n'kuikidwa waya pamwamba, wopanda chivundikiro. Umenewo ndi mbaula yaikulu basi. Umawotcha msanga, ndi wabwino pa soseji, chiwindi kapena nyama yodulidwa mopyapyala, koma umadya makala ngati wabwereka m'mimba. Wina ndi wogoneka wokhala ndi chivundikiro ndi chumuni, ngati wa malume uja, ndipo nthawi zina amalumikizako kabokosi kambali momwe mumakhala moto. Kapangidwe kameneka kanatchuka ku Texas ndi ku Oklahoma m'dziko la America, komwe amisiri ankadula mapaipi okhuthala a m'migodi ya mafuta. Wachitatu ndi woimirira: mgolo wa malita 200 wosadulidwa, makala m'kabasiketi ka chitsulo pansi, nyama pamwamba pamtunda wa masentimita pafupifupi 60 kuchoka pamoto, timabowo titatu tolowera mpweya mmunsi, ndi chivundikiro chake chomwe chija.

Awiri omalizawa ndi omwe pa intaneti amawatcha smoker, ndipo amawakamba ngati chinthu chobwera pandege. Kunena zoona, kumeneku ndi kuwamba. Agogo athu ankawamba nyama pa nsanja pamwamba pa moto, mbewa zimawambidwa mpaka lero, ndipo mlamba wa ku Chilwa umafika mumsika wa Lilongwe uli wowamba kale. Kusiyana kwake n'kwakuti makolo ankawamba kuti nyama iume isawole, pomwe mumgolo wotseka mukuphika nyama pang'onopang'ono pa kutentha kwa madigiri 110 mpaka 120 kwa maola anayi, asanu, ngakhale kuposera apo, utsi ukuilowerera.

Ndipo apa m'pomwe mgolo wotseka umatiyenera ife kuposa azunguwo. Nyama yomwe timagula m'misika ya kuno si ya ziweto zongokhala m'khola kudya. Mbuzi yathu imayenda tsiku lonse, nkhuku yachikuda imathamanga ndi akabawi, ndipo ng'ombe zina zimafika pa butchala zitakoka ngolo zaka zambiri. Nyama yotere mukaiika pamoto waukali imauma kunja, mkati n'kukhala ngati lamba wa njinga. Moto wofatsa wa nthawi yaitali umasungunula mitsempha yolimbayo, mpaka nthiti za mbuzi zimasiyana ndi fupa pongozikhudza ndi chala.

Koma tibwerere ku funso lija. Migolo yachitsulo imafika m'dziko muno itanyamula zinthu zosiyanasiyana: mafuta ophikira, oyilo wa galimoto, dizilo, penti, mankhwala a m'mafakitale ndi a kumunda. Ikatha ntchito imagulitsidwa, ina n'kukhala yosungira madzi, ina yophikira thobwa la paukwati, ina yotchezera kachasu. Ikapakidwa penti yatsopano palibe angadziwe mbiri yake. Wabwino ndi womwe unasungapo chakudya, monga mafuta ophikira. Womwe unasungapo mankhwala ophera tizilombo kapena udzu, usiyeni ngakhale akupatseni ulere, chifukwa palibe sopo kapena moto womwe mungaukhulupirire kuti wachotsa zonse. Ngati wogulitsa sakudziwa zomwe munali, yankho limenelo likukwanireni. Njira yachidule ndi yoti mukasankhe nokha mgolo usanadulidwe, zolemba zake zikadali pamimba, mutsegule chitsekero n'kununkhiza, kenako muupereke kwa mmisiri.

Pali moyo wa mmisiriyonso pamenepa. Mgolo womwe munali petulo kapena dizilo ndi woopsa kwambiri ukakhala wopanda kanthu, chifukwa mumatsala mpweya woyaka. Glayinda ikangotulutsa nthethe za moto, umaphulika ngati bomba. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wachotsa zitsekero, kuutsuka ndi kuudzaza madzi asanaudule. Mukaona wina akungoyamba kudula osachita zimenezi, imani patali, ndipo kagulitseni ndalama zanu kwina.

Ngakhale mgolo wa mafuta ophikira umafunika kuwotchedwa usanaone nyama. Ina imakhala ndi utoto wofiirira mkati woteteza dzimbiri. Sonkhani moto waukulu wa nkhuni mkatimo mpaka penti yonse, yamkati ndi yakunja, itapsa n'kusuwa, palani ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chionekere, pakani mafuta ophikira mkati, n'kuyatsanso makala opanda nyama. Ngati mukufuna penti kunja, ikhale yopirira moto. Penti wamba ya pageti ndi yomwe inatidyera mbuzi yathu.

Chenjeraninso ndi waya woikapo nyama. Amisiri ena amatola mashelefu a furiji yakufa kapena waya wa mpanda wonyezimira uja. Zitsulo zoterezi zimakutidwa ndi zinki kapena pulasitiki, ndipo zikatenthedwa zimatulutsa utsi wodwalitsa. Uzani mmisiri awotcherere nthambo za chitsulo wamba, zokhuthala ngati pensulo, ndipo wayayo azitha kuchoka kuti muzitsuka.

Zotsalazo mutha kuziona nokha pamalo ogulira. Tsekani chivundikiro, muone ngati chikusiya mipata yolowa chala. Mabowo a mpweya akhale ndi totsekera totha kusuntha, chifukwa mumgolo wotseka moto suchepetsedwa pothira madzi koma pochepetsa mpweya. Makala asakhale pachitsulo cha mgolo penipeni. Chitsulocho n'chopyapyala, cha milimita imodzi kapena kuposera pang'ono, ndipo phulusa likanyowa ndi mvula limachidya msanga. Chogwirira chikhale cha thabwa. Ugwedezeni muone miyendo, poti pakhomo pamakhala ana.

Ineyo ndikadakhala ndi ndalama ya umodzi wokha, ndikadatenga woimirira. Siwokongola, ndipo alendo sadzaujambula. Koma wogoneka wa kabokosi kambali unapangidwira chitsulo chokhuthala. Ukapangidwa ndi mgolo wathu wopyapyalawu kutentha kumathawa, mphepo ya mu Julayi ikawomba moto umatsika, ndipo inu mumangokhalira kuthira makala. Woimirira, basiketi imodzi ya makala imanyeka pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wogoneka ndi wa munthu wofuna kudyetsa chinkhoswe kapena kuyamba bizinesi pa bala.

Nkhani ya makala siyapathumba pokha. M'mawa uliwonse njinga zolemedwa ndi matumba zimalowera m'tauni, ndipo makala ambiri omwe Lilongwe amawotcha amachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumayambira mtsinje wa Lilongwe, womwe umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, omwe madzi ake timamwa. Zinthu zinafika poipa moti mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi, ndipo lamulo la nkhalango lomwe linakonzedwanso mu 2020 linakhwimitsa zilango kwa owotcha, onyamula ndi ogulitsa makala opanda chilolezo. Mayi wophika nsima pambaula kaamba koti magetsi athima kapena alibe, ndimamumvetsa. Koma ife owotcha nyama yachisangalalo tilibe chowiringula chotere. Makala ovomerezeka alipo, monga a kampani ya Kawandama Hills Plantation ya ku Viphya, opangidwa kuchokera ku mitengo yobzala, komanso mabriketi a utuchi ndi zotsalira za kumunda. Amakwererako mtengo, inde, ndipo n'chifukwa chake mgolo wosadya makala ambiri uli wofunika.

Za utsi simufunika kudula mtengo. Tizidutswa tiwiri kapena titatu touma ta nthambi ya mango kapena gwafa pamwamba pa makala tikwanira, ndipo zitsononkho zouma nazo zimapereka fungo labwino. Paini ndi bulugamu wamuwisi amawawitsa nyama. Matabwa opakidwa penti kapena mankhwala a chiswe, ayi. Nkhadze ya kumpanda isayandikire n'komwe, utomoni wake ndi poizoni.

Utsi umanamiza, umadetsa nyama kunja mkati musanapse. Ngati mungapeze kachipangizo kobaya m'nyama koyezera kutentha, nkhuku ifike madigiri 74 pakati pa ntchafu, ndipo nkhumba, makamaka yoyenda yokha m'mudzi, ipitirire 70 chifukwa cha njoka za m'mimba. Ndipo kaya kuzizire bwanji, mgolo woyaka usalowe m'nyumba kapena m'galaja. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, womwe umagonetsa munthu osadzukanso.

Malume sanagwe ulesi. Ulendo wachiwiri anakasaka okha mgolo wa mafuta ophikira, anaukweza pa kabaza mpaka kwa mmisiri, n'kukhala pa njerwa tsiku lonse kuyang'anira ntchito. Unawotchedwa kawiri usanaone nyama. Pa Isitala tinaikamo mwendo wa mbuzi cha m'ma 9 koloko m'mawa, n'kuutulutsa dzuwa litapendeka, ndipo panalibe anafunsa mpeni. Wakale uja ukadali kuseri kwa nyumba, chivundikiro chili pululu, ndipo nkhuku ziwiri zikuikiramo mazira.