Maola 48 m'chitokosi

"Apolisi ati akufufuzabe." Awa ndi mawu amene ndimamva kawirikawiri kwa abale a munthu womangidwa. Amatero m'bale wawo atagona m'chitokosi sabata yathunthu, iwo akungomupititsira nsima m'kontena m'mawa ndi madzulo. Ine monga loya sindiyamba ndi kufunsa ngati wabadi. Ndimafunsa tsiku ndi ola limene anamugwira.

Gawo 42 la Malamulo oyendetsera dziko lino, a chaka cha 1994, limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Zikakanika, amasulidwe. Maolawo akathera tsiku limene khoti siligwira ntchito, apite naye tsiku loyamba lotsegulira. N'chifukwa chake wogwidwa Lachisanu madzulo amaswera m'kati mpaka Lolemba, lamulo osathyoledwa. Koma kufufuza sikuimitsa wotchi. Ngati apolisi akufuna nthawi yowonjezera, akapemphe kwa majisitireti, mwiniwake ali pomwepo akumva.

Olemba gawoli ankakumbukira ndende ya Mikuyu. Mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kutuluka kumeneko mu 1991, osazengedwa mlandu uliwonse.

Maola akadutsa, pali njira imene ife timaitchula kuti habeas corpus. Timapempha Khoti Lalikulu kuti lilamule amene akusunga munthuyo abwere naye. Pamenepo wofunika kudzifotokoza ndi boma, osati womangidwa, ndipo jaji akapanda kukhutira amalamula kuti atuluke. Mkazi wake, mchimwene wake kapena malume angathe kuyambitsa pempholi, poti iye mwini ali kuseri kwa chitseko. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Rimandi nayo ili ndi malire. Kuyambira 2010, wodikira mlandu wa kwa majisitireti sayenera kupitirira masiku 30 mlandu usanayambe; wa mlandu wakupha, masiku 90, pokhapokha khoti litawonjezera. Kunena zoona, malire amenewa amaphwanyidwa kwambiri, makamaka kwa amene alibe wowalondolera fayilo.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wokuuzani kuti "muganizire bwana" akupempha ziphuphu. Ndipo wotsekeredwa mosatsata lamulo angathe kusumira boma kuti limupatse chipukuta misozi. Mlandu wotero umaima pa masiku, choncho lembani penapake tsiku limene analowa, polisi yake, ndi tsiku limene anatuluka.